Kujambula munthu mumsewu: Britain, France ndi Germany amasiyana pati?

Mkangano wake umayamba mofanana kulikonse: "Wandijambuliranji? Fufuta chithunzicho!" Koma yemwe lamulo limamuikira kumbuyo amasintha ukangowoloka malire, ngakhale pakati pa maiko oyandikana ngati Britain, France ndi Germany.

Ku Britain lamulo lili kumbali ya wojambula. Ukaima pamalo a aliyense, monga mumsewu kapena m'paki, ukhoza kujambula munthu osamupempha, bola usamulondelonde mpaka kumusowetsa mtendere. Wojambulidwayo alibe mphamvu yokulanda kamera, ndipo ngakhale wapolisi saloledwa kufufuta zithunzi zako popanda chilolezo cha khoti. Amene anavutitsa kwambiri ojambula kumeneko anali apolisi omwewo. Gawo 44 la lamulo lothana ndi uchigawenga la 2000 linkawalola kuimitsa munthu ndi kumusecha popanda chomukayikira, moti ena anaimitsidwa chifukwa chongojambula nyumba. Mu Januwale 2010 khoti la ku Ulaya la ufulu wa anthu, lomwe lili ku Strasbourg, linagamula kuti mphamvu imeneyi ikuphwanya ufulu, ndipo gawolo linathetsedwa mu 2012.

Ku France kujambula mumsewu sikoletsedwa. Mlandu umabuka pofalitsa, chifukwa gawo 9 la Code civil (buku la malamulo okhudza anthu ndi katundu wawo), lomwe linaikidwa mu 1970, limateteza moyo wamseri wa munthu, ndipo makhoti amawerengera nkhope yake momwemo.

Germany inayamba kale kuiganizira nkhaniyi, ndipo chinaiyambitsa ndi maliro. Otto von Bismarck, yemwe anali mtsogoleri woyamba wa boma la Germany yogwirizana, atamwalira mu 1898, ojambula awiri anapereka ndalama kwa mmodzi mwa olondera, nalowa usiku m'chipinda chake kunyumba kwake ku Friedrichsruh n'kujambula mtembo kuti akagulitse chithunzicho. Abale anathamangira kukhoti, zithunzi zinalandidwa, awiriwo anamangidwa. Koma zinaoneka poyera kuti panalibe lamulo loteteza nkhope ya munthu mwachindunji. Mu 1907 linakhazikitsidwa, ndipo likugwirabe ntchito: usafalitse chithunzi cha munthu asanavomere, ndipo akamwalira upemphe abale ake mpaka patapita zaka 10. Lamuloli lili ndi mipata yomveka. Sufunika chilolezo ngati chithunzicho ndi cha nkhani yofunika kwa anthu onse, ngati munthuyo wangopezekamo pamene umajambula malo, ngati ndi chionetsero kapena msonkhano, kapena ngati ndi ntchito ya luso lenileni. Kuyambira 2021, kujambula mtembo moonetsa chipongwe, monga amachitira ena pamalo a ngozi, kukhoza kukupititsa kundende mpaka zaka ziwiri.

Ine mtima wanga uli kwa Ajeremani. Ufulu wa ku Britain unali womveka pamene chithunzi chinkathera m'buku la zithunzi la kunyumba kapena m'nyuzipepala yokhala ndi mkonzi woyankha mlandu. Lero mayi wogwa mumsewu, kapena munthu woledzera amene wagona pabenchi, amafika pa Facebook asanadzuke n'komwe, ndipo omuseka ndi anthu oti sadzakumana nawo. Kumuuza kuti "unali pagulu" sikumubwezera ulemu wake. Wojambula amene akuumirira kuti lamulo likumulola, mnzake akulira kuti afufute, akhoza kupambana kukhoti koma wachita nkhanza.

Komabe chitetezo chimenechi chimandidetsa nkhawa chikafika m'manja mwa amphamvu. Mu 2020 aphungu a ku France anabweretsa gawo 24 la lamulo lachitetezo, lofuna kulanga wofalitsa nkhope ya wapolisi ndi cholinga chomuvulaza. Mkangano uli mkati, mu Novembala chaka chomwecho, kunatuluka kanema wa apolisi akumenya munthu wakuda wokonza nyimbo ku Paris. Popanda kanemayo, mawu a apolisiwo ndi amene akanamveka. Anthu anadzaza misewu kutsutsa gawolo, aphungu analilembanso, ndipo mu Meyi 2021 Conseil constitutionnel, bwalo loona ngati malamulo akugwirizana ndi malamulo aakulu a dzikolo, inalikana ndithu.