Kumangidwa si kupezeka wolakwa, tamvani inu olemba ntchito

Lero ndakwiya zedi. Mphwanga anafunsira ntchito ya ukalaliki m'boma, mafunso anakhoza, anamuuza kuti adikire kalata. Kalatayo sinabwere. Anangomuimbira foni kuti "dzina lanu latuluka mu kompyuta ya apolisi." Latuluka chifukwa chiyani? Kalekale ali mnyamata anamutola limodzi ndi anzake pa ndewu imene iye sanaponyepo chibakera, anagona m'chitokosi, kutacha anamutulutsa opanda mlandu. Kukhothi sanapondeko phazi. Koma zidindo za zala zake zinatsala komweko, ndipo lero zamudyera ntchito.

Kumangidwa si kulakwa ayi. Wapolisi amagwira munthu pomuganizira, woweruza ndiye amagamula. Munthu amene khothi silinamupeze wolakwa ndi wosalakwa, basi. Nanga inu a m'maofesi mwasanduka liti oweruza? Mukupereka chilango chimene khothi silinapereke, chilango chopanda tsiku lothera, mwini wake osamufunsa n'komwe kuti zinayenda bwanji.

Ena muti boma liyenera kudziwa amene likumulemba. Inde, wokaphunzitsa ana kapena wokasunga ndalama za anthu afufuzidwe, sindikukana. Koma fufuzani mlandu wogwirizana ndi ntchitoyo, mlandu umene khothi linagamula. Osati kuvundukula moyo wonse wa munthu chifukwa choti kompyuta ikulolani kutero.

Chandipweteka koposa n'choti nkhaniyi sinathere mu ofesimo. Anthu amene sakhudzidwa n'komwe ndi kulemba ntchito akuidziwa, ena ayamba kumufunsa mphwangayo kuti "kodi munakhalapo m'ndende?" Anaitulutsa ndani? Anatsegula fayiloyo ndani, ndi chilolezo cha yani? Palibe akuyankha. Ndi ulesi ndi mantha chabe, zifukwa zina ndilibe nazo ntchito.

Ndipo musandiuze kuti m'manja mwa boma zinsinsi zimasungika bwino. Mu 2015, zinadziwika kuti akuba a pa intaneti analowa mu makompyuta a Office of Personnel Management, ofesi yoona za antchito a boma ku America, n'kutenga mbiri ya anthu 21.5 miliyoni, yochokera m'mafayilo ofufuzira anthu ofuna ntchito za boma, pamodzi ndi zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Nambala yachinsinsi ikabedwa umasintha. Chala ungachisinthe?

Njira zilipo kale. Ku Britain lamulo la 1974 limati milandu yambiri ikapita nthawi yoikika, munthu sakakamizidwa kuitchula pofunsira ntchito zambiri. Ku America lamulo la 2019 limaletsa maofesi ambiri a boma lalikulu kufunsa za milandu asanamulonjeze munthu ntchitoyo. Awa ndi anthu amene anapezekadi olakwa, akupatsidwa mpata woyambiranso. Nanga wosalakwa tikumuzunziranji?

Inu amene mukuti "wopanda mlandu saopa", chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kugwidwa molakwika sikusankha nkhope.

Komanso mafayilo amenewa amakhala ndi zolakwika. Anthu awiri dzina limodzi, wina wakuba wina wosalakwa, kalaliki n'kuwasokoneza. Pitani mukapemphe kuti akonze, muone mmene akuzungulitsireni, uyu akuti pitani kwa uja, uja akuti bwana kulibe, bwerani mawa. Kulemba dzina la munthu n'kosavuta kwa iwo, kulifufuta ndiye amati alibe mphamvu!