Inu othamanga ndi makalata a eni, tamverani

Ana anga, khalidwe lomwaza chilichonse chimene chagwa m'foni mwanu likundidetsa nkhawa. Wina angoti "nayi kalata yachinsinsi," inu mwaiponya kale m'magulu asanu a WhatsApp, osadzifunsa n'komwe kuti waitulutsa ndani, nanga akufunanji. Takhalani pansi mumve zimene zinachitika ku America.

Mu July 2018, Pulezidenti Donald Trump anasankha a Brett Kavanaugh kuti akhale woweruza m'khoti lalikulu la dzikolo. Kumeneko mpandowu ndi wa moyo wonse, ndipo nyumba ya malamulo ya Senate imayenera kuvomereza kaye. Pa 30 July, mayi Christine Blasey Ford, mphunzitsi wa payunivesite ku California, analembera kalata Senator Dianne Feinstein, phungu wa Senate wa chipani cha Democrat. Anati a Kavanaugh anafuna kuwagwirira onse ali achinyamata, mayiwo ali ndi zaka 15. Anapempha chinthu chimodzi basi: dzina lawo lisatuluke.

Kalatayo inakhala phee kwa masabata 6. Kenaka pa 12 September, nthawi yovota itayandikira, nyuzipepala ya pa intaneti ya The Intercept inalemba kuti kuli kalata yotere. Atolankhani anayamba kufika pakhomo pa mayiwa ngakhalenso kuntchito kwawo, mpaka pa 16 September anangodziulula okha kudzera mu nyuzipepala ya Washington Post. Madzi anali atatayika. Mauthenga owaopseza kuti aphedwa anachuluka, banja lonse linathawa nyumba yawo. Pa 27 September anakhala pamaso pa komiti ya Senate, dziko lonse likuonera pa kanema, kufotokoza nkhani imene ankafuna kuti imvedwe mosamala, kuchipinda.

A Kavanaugh anakanitsitsa kwamtuwagalu, ndipo nawonso banja lawo linaopsezedwa. A chipani cha Republican, chipani cha a Trump, ankati a Democrat anaisunga dala kalatayo kuti aiphulitse pomaliza. A Feinstein anati iwo ndi antchito awo sanaulule kanthu. Aliyense anangothamangira kumbali ya chipani chake, apolisi ofufuza milandu a FBI n'kupatsidwa sabata imodzi yokha yofufuza. Nkhani yolemera chonchi, sabata imodzi! Pa 6 October Senate inavomereza a Kavanaugh ndi mavoti 50 kwa 48.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene anatulutsa nkhaniyi anabisala bwinobwino, pamene mayi amene anapempha kubisidwa ndiye anaikidwa pambalambanda. Inu mukamadina batani lotumiza mumakhala mtengatenga wa munthu wobisalayo, ndipo cholinga chake simuchidziwa. Mwina n'chilungamo, mwina ndi ndale chabe. Ena mwa inu mumafika pofufuza chithunzi cha wodandaula, mudzi wake, sukulu ya ana ake. Lekani zimenezo! Kodi mwana wamkazi woona zoterezi angadzalimbe mtima n'kudandaula? Nanga woimbidwa mlanduyo, mwamuweruza bwanji musanamve mbali yake?

Sikanali koyamba. Mu October 1991, zimene mayi Anita Hill anauza komiti ya Senate mwachinsinsi, zoti a Clarence Thomas, amenenso anali atasankhidwa kukhala woweruza m'khoti lomwelo, ankawavutitsa ndi nkhani zachiwerewere kuntchito, zinatulukiranso kwa atolankhani a wailesi ya NPR ndi nyuzipepala ya Newsday. A Thomas anakana, ndipo anadutsa ndi mavoti 52 kwa 48. Senate inaika loya wapadera kuti asake amene anaulula. Anafunsa anthu ambirimbiri, koma sanamupeze.