Wapolisi ndi wa tonsefe

Mwalemba kuti wapolisi aziloledwa kukana ntchito yosemphana ndi chikhulupiriro chake. Apa sindikugwirizana nanu. Kuno ku Nkhotakota Asilamu, Akhristu ndi a Gule Wamkulu timagula nsomba pamsika umodzi. Lero wina akakana kukakhazikitsa bata pamaliro a Nyau, mawa mnzake akana kukalondera pamzikiti tsiku la Eid. Ndiye zikavuta tithawira kwa yani? Malipiro awotu ndi misonkho yathu tonse.

Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopembedza, n'zoona. Wa Seventh Day akapempha kusinthana shifiti Loweruka, abwana amumvere, palibe wapwetekedwa. Koma chimene wapolisi ayenera kukana molimba mtima ndicho kuwombera anthu opanda zida. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 tinataya anthu pafupifupi 20.