Spain n'kwabwino, koma werengani masiku

Mwanena zoona alembi kuti kum'mwera kwa Spain ndi ku Algarve ku Portugal ndiko kothawira ndi galimoto yogonamo chisanu chikalusa ku UK, koma nkhani ya masiku mwaidutsa mothamanga. Chiyambire 2021, wa pasipoti ya Britain amangololedwa masiku 90 pa masiku 180 aliwonse m'maiko a Schengen (gulu la maiko a ku Ulaya lomwe muli Spain ndi Portugal) ngati alibe viza. Mukafika kumayambiriro kwa Novembala, pofika Febuluwale masiku atha, ku UK chisanu chikadali chothetsa mankhalu. N'chifukwa chake ambiri amakwera sitima ya pamadzi ku Algeciras ku Spain n'kuwolokera ku doko la Tanger Med, kukamalizira nyengoyi ku Morocco, dziko lomwe silili mu Schengen.

Ine ndi mayi akunyumba tinayesapo kupirira Januwale wina ku Yorkshire ku UK m'galimoto yathu yogonamo. Sitidzabwerezanso! Kukacha, madzi ali chuchuchu pamawindo, matiresi atanyowa kunsi, madzi a m'paipi atauma gwa ndi chisanu. Silinda ya gasi inkatha sabata isanathe, ndipo sola ya padenga inali yongokongoletsera.

Za gasizo chenjerani: masilinda a ku UK sakasinthidwa ku Spain, bwino kuikitsiratu tanki yothira gasi wa LPG musananyamuke.