Andisinthira ubongo wa galimoto, koma palibe wondiuza chimene chasintha

Mwezi watha ndinapititsa galimoto ku sevisi. Pa pepala limene anandipatsa potuluka panali zozolowereka: oyilo, fyuluta ya oyilo, fyuluta ya mpweya. Pansi penipeni panali kamzere ka zilembo zing'onozing'ono konena kuti m'kompyuta ya injini aikamo pulogalamu yatsopano. Ndinafunsa amakaniko amene anandibweretsera makiyi kuti, "Achimwene, apa mwasintha chiyani?" Iwo anangoseka. "Bwana, zimenezo zimachokera kwa opanga galimoto. Ife timangolumikiza chingwe, makina n'kumaliza okha. Musadandaule, iziyenda bwino."

Sindikuwaimba mlandu amakanikowo, ananena zoona zawo. Koma kuyambira tsiku limenelo galimoto inayamba kusintha magiya msanga kuposa kale, ndipo ndikaponda moto pochoka pa maloboti imachita ngati yayamba yaganiza kaye. Mkazi wanga anati ndikungodzimva. Mnzanga wina anati ndiye kuti tsopano izimwa mafuta pang'ono. Wina anati ayi, aifoola dala. Tonse anayi timangolankhula za m'mutu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi nambala m'manja, ndipo zimenezi n'zimene zandilembetsa lero.

Amene munakulira m'nthawi ya kabuleta, kachipangizo kakale kosakaniza mafuta ndi mpweya, mukukumbukira. Makaniko amatenga sikuludiraiva, n'kutchera khutu, n'kumapotoza kasikulu mpaka injini italira momwe iye akufunira. Mukafuna kudziwa chimene wasintha, amakulozerani ndi chala. Galimoto za masiku ano ntchito imeneyo ili m'kabokosi kotchedwa ECU. Kabokosika kamamvetsera masensa: mpweya wolowa ndi wochuluka bwanji, injini yatentha motani, ikuzungulira kangati pa mphindi, mu utsi mwatsala okosijeni wochuluka bwanji. Kakatero kamagamula mafuta oti apoperedwe, nthawi yoti pulagi ithetheke, ndi mphamvu imene turbo ikankhire mpweya. Pa injini ya petulo, nthawi zambiri kamayesetsa kusunga muyezo wa magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta, chifukwa pamenepo ndi pamene chosefa utsi cha ku ekizozi chimagwira bwino ntchito. Koma mukaponda moto mpaka pansi, injini zambiri zimausiya muyezo umenewo n'kuthira mafuta oonjezera, ena mwa iwo ongoziziritsa injini kuti isapse.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti pa galimoto zambiri za masiku ano chopondera moto chija chilibenso waya wokoka chilichonse. Phazi lanu limangopereka pempho, wovomera kapena kukana ndi kompyuta. Mukamvetsa zimenezi, nkhani ya mabatani osankhira kayendedwe ka galimoto, a Eco ndi Sport, yatha kale.

Batani la Eco siliika injini ina m'galimoto. Limachita zinthu zochepa zodziwika. Limagonthetsa chopondera moto, kuti mukaponda theka kompyuta imve ngati mwaponda pang'ono. Limauza giyabokosi ya otomatiki kuti ikwere magiya msanga, injini izizungulira modekha. M'galimoto zambiri limachepetsanso mphamvu ya choziziritsa mpweya m'kati, poti nachonso chimakokedwa ndi injini yomweyo. Sport ndi kutembenuza zomwezo: mukangokhudza, galimoto yadumpha, ndipo giya imagwira nthawi yaitali isanasinthe. M'galimoto zambiri za wamba mphamvu yonse ya injini ndi imodzimodzi m'mabatani onsewa. Mukaponda mpaka pansi muli pa Eco, nthawi zambiri imakupatsani zonse zimene ili nazo, ndipo mafuta amapita monga momwe akanapitira.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga okonda Eco. Ndinakwerapo galimoto ya munthu wina amene batani la Eco salizimitsa chaka chonse, koma poti galimoto imamuchedwera, amaponda mokwiya, kenako mabuleki, kenako kupondanso. Kompyuta ikuti tidekhe, phazi likuti tiye. Wopambana ndi phazi. Munthu wotere bola akanangoisiya pa Normal n'kumaponda mwaulemu. Boma la America, kudzera ku nthambi yake yoona za mphamvu, limanena kuti kuyendetsa mwaukali, kuthamangitsa, kunyamuka mwamphamvu ndi kumanga mabuleki mwadzidzidzi, kumachepetsa mtunda umene lita imakufikitsani ndi 15 mpaka 30 peresenti pa msewu waukulu, ndi 10 mpaka 40 peresenti pamene galimoto zikuyenda moima-ima. Sindinaonepo batani lobweza mafuta ochuluka chotero.

Liwiro nalonso silimva batani. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo sikwera mofanana ndi liwiro, imakwera mopitirira. Mukachoka pa makilomita 80 pa ola kufika pa 120, liwiro mwaonjezera theka lokha, koma kukankha kwa mphepo kwapitirira kawiri, kwafika ka 2.25. Pamenepo giya ili kale pamwamba, phazi lakhazikika, Eco alibe choti achite. Amangowala pa dashibodi kukusangalatsani.

Ndipo poti tafika pamenepa, ndilankhuleko ndi a "neutral pa mtsetse". Nzeru imeneyo inali ya nthawi ya kabuleta. Galimoto ya ma injekita ikamatsetsereka ili m'giya, phazi mutalichotsa pa moto, kompyuta imatseka mafuta kotheratu, matayala ndiwo amazunguza injini. Mukaika pa neutral, injini iyenera kumwa kuti isazime. Ndiye mwataya thandizo la injini pochepetsa liwiro, mwalemetsa mabuleki, ndipo pa mtsetse woti mumafunika kumanga ndithu simunapulumutse kanthu.

Tibwerere ku update ija, pulogalamu yatsopano imene anandiikira ku sevisi. Wolemba pulogalamu ya injini amakokedwa mbali zitatu: mphamvu, mafuta, ndi utsi. Pali yachinayi yomwe sakonda kuitchula, yoti zipangizo zisafe waranti isanathe. Mbali zimenezi sizigwirizana nthawi zonse, ndipo pa dizilo mkangano wake ndi woonekeratu. Moto wa m'silinda ukatentha kwambiri, injini imagwiritsa ntchito mafuta bwino, koma imatulutsa mpweya woipa wochuluka wotchedwa NOx, umene umavulaza mapapo. Pofuna kuuchepetsa, valavu ya EGR imabweza utsi wina m'injini kuti moto uzizireko. Moto ukazizira, mwaye umachuluka. Mwayewo umakodwa mu fyuluta ya DPF, ndipo fyulutayo ikadzaza, kompyuta imathira dizilo woonjezera kuti autenthe. Mwaona mmene chingwe chikuyendera? Mukakoka uku, uko kwafupika. Choncho munthu akandiuza kuti update yachepetsa utsi, yaonjezera mphamvu, yachepetsanso mafuta, zonse pakamodzi popanda chotayika, ndimafuna ndione nambala. N'zotheka nthawi zina, makamaka ngati pulogalamu yoyambayo inali ndi cholakwika, koma si za tsiku ndi tsiku.

Amene akuti ndikukayikira zopanda pake akumbukire za Volkswagen. Mu 2013 akatswiri a pa West Virginia University ku America anamangirira zida zoyezera utsi pa galimoto za dizilo n'kuziyendetsa pa msewu weniweni, osati m'chipinda choyesera. Zimene anapeza sizinafanane ndi za pa pepala. Pa 18 Seputembala 2015 bungwe la boma loteteza chilengedwe ku America, la EPA, linalengeza kuti m'galimotozo munali pulogalamu yozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa. Imayang'ana zinthu monga chiwongolero ngati chikutembenuka, liwiro, ndi nthawi imene injini yakhala ikulira. Ikaona kuti awa ndi mayeso, imakhala mwana wabwino. Ikabwerera pa msewu, NOx imakwera mpaka kufika ka 40 kuposa malire a lamulo. Kampaniyo inavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse zinali ndi pulogalamuyo. Taganizani, panalibe chitsulo chobisika chimene makaniko akanachipeza ndi sipanala. Chinyengo chonse chinali m'mizere ya pulogalamu. Ndipo ku Ulaya mankhwala ake anali chiyani? Pulogalamu inanso. Injini za malita 1.2 ndi 2.0 anangozisintha pulogalamu, za 1.6 anaonjezerako kachipangizo kowongola mpweya wolowa. Kampani inati mafuta ndi mphamvu sizisintha, eni galimoto ena anadandaula kuti zasintha, ndipo ambiri mwa iwo anali ngati ine lero: akumva m'thupi kuti china chake chasiyana, koma alibe kabuku kosonyeza mmene galimoto imamwera kale.

Musandimve molakwa, sindikuti muzikana ma update. Ena amakonza zinthu zenizeni: giya yogunda posintha, injini yovuta kulira kukazizira, nyali ya check engine yoyaka popanda chifukwa, ngakhale zoopsa zimene zingaphe munthu. Mu 2018 bungwe la ku America loyesa katundu wogulitsidwa, la Consumer Reports, linapeza kuti galimoto ya magetsi ya Tesla Model 3 imatenga mtunda wautali kuti iime. Patangopita masiku ochepa kampaniyo inatumiza pulogalamu kudzera pa intaneti, galimoto zili pakhomo pa eni ake, ndipo poyesanso mtundawo unafupika ndi pafupifupi mamita 6. Ameneyo ndi moyo wa munthu wowoloka msewu. Akakuitanani kuti galimoto ili ndi vuto lofunika kukonza, pitani, musachedwe.

Koma nkhani yomweyo ili ndi mbali ina yondisowetsa tulo. Ngati munthu ali kutali angafupikitse mabuleki anga usiku ndili m'tulo, angathenso kusintha china chilichonse. Mu 2017, mphepo yamkuntho ya Irma ikuyandikira Florida, Tesla inatsegulira eni galimoto ena gawo la batire limene linali lotsekedwa ndi pulogalamu, kuti athawe mtunda wautali. Chinali chifundo, inde. Chinaonetsanso kuti batirelo analinyamula tsiku lililonse koma kiyi wake anali kwa wina. BMW inayesapo mu 2022 kulipiritsa mwezi ndi mwezi kuti mipando yotenthetsa, yomwe ili kale m'galimoto, igwire ntchito, anthu anakwiya, ndipo mu 2023 inasiya. Galimoto mwagula ndinu, koma zikuoneka kuti eni ake mulipo awiri.

Pempho langa ndi laling'ono. Foni ikamalandira update imakulemberani, ngakhale mwachidule, zimene zasintha. Galimoto, imene ndi yodula kuposa foni kutalitali ndipo imanyamula ana anga, indipatse pepala lonena kuti pulogalamu yakale inali nambala yakuti, yatsopano ndi yakuti, tasintha zakutizakuti, ndipo pa mafuta muyembekezere izi. Ngati asintha kuti ateteze giyabokosi ndipo ndizimwetsa mafuta oonjezera pang'ono, andiuze, mwina ndivomera ndi mtima wonse. Chondiwawa ndi kuuzidwa kuti "iziyenda bwino" ngati mwana wopatsidwa mankhwala.

A remap, amene mumasintha pulogalamu ya injini panokha kuti ionjezere mphamvu, inunso musathawe. Pa injini ya turbo mumatulutsadi mphamvu yoonjezera, zimenezo sindikana, poti opanga amasiya mpata dala kuti injini ipirire mafuta osiyanasiyana, kutentha, ndi eni ake ochedwetsa sevisi. Inu mumadya mpata umenewo. Koma lonjezo lija loti "izimwanso pang'ono" nthawi zambiri umboni wake ndi nambala ya pa dashibodi, ndipo nambalayo imawerengedwa ndi kompyuta yomwe mwangoisinthayo. Mboni ndi woimbidwa mlandu ndi munthu mmodzi. Kuonjezera apo waranti imatha, ndipo amene mumatseka EGR ndi kuchotsa DPF, utsi umenewo amapuma ndi amene ali kumbuyo kwanu.

Nambala ya kamwedwe ka mafuta ya m'kabuku ka opanga nayonso ili ndi malire ake. Ku Ulaya mayeso akale a NEDC anali a mphindi pafupifupi 20 pa makilomita 11, oyenda mofatsa kwambiri. Kuyambira 2017 anabweretsa a WLTP, a mphindi 30 pa makilomita opitirira pang'ono 23, ofanana bwinoko ndi msewu. Komabe ndi m'chipinda, choziziritsa mpweya chili chozima, mulibe katundu wanu, mulibe phazi lanu. Nambala imeneyo ndi yabwino pofananitsa galimoto ziwiri, si lonjezo kwa inu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wolipira pa pampu ndine, ndiye woyeza ndiyenera kukhala ine. Njira yake ndi yakale ndipo siifuna kompyuta. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, musakakamize. Bwezani kowerengera makilomita pa ziro. Yendani monga mwa masiku onse. Mukadzazanso, makamaka pa pampu yomweyo, lembani malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda, n'kugawa. Mwachitsanzo makilomita 520 pa malita 40 ndiye kuti 13 pa lita. Thanki imodzi siikwanira, chifukwa mlungu wina mumakhala pa mzere wa galimoto kwambiri, mlungu wina mumayenda ulendo wautali, nthawi zina matayala aphwa osadziwa. Pamafunika matanki atatu kapena anayi. Ndipo update ikangochitika musathamangire kuweruza. Nthawi zambiri zimene kompyuta inaphunzira zokhudza injini ndi giyabokosi zimafufutika, ndipo imatenga maulendo angapo kuti izolowerenso. Mwina n'zimene zikuchitikira yanga, mwina ayi.

Kulakwa kwanga n'koti zaka zonsezi ndimangothira mafuta osalemba, ndiye za kale ndilibe poyambira. Zimenezo zapita. Panopa m'kabokosi ka kutsogolo muli kabuku ndi cholembera. Matanki atatu oyamba ndiyenda pa Normal, atatu otsatira pa Eco, njira zomwezo, phazi lomwelo, matayala ndiziwapima Loweruka lililonse. Lolemba ndikubwerera ku galaja kukapempha nambala ya pulogalamu yakale ndi yatsopano, andilembere pa pepala lomwe lija. Amene muli ndi kabuku kale, ndipo galimoto yanu inalandirapo update, ndiuzeni malita ndi makilomita a isanalandire ndi italandira. Za "ndikumva ngati" ndili nazo kale zokwanira kunyumba.