Wenzulo ndi zibonga sizifika m'mutu mwa wakuba

Kukangobedwa ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa mu Mzuzu muno, mawu pamagulu athu a WhatsApp amakhala amodzimodzi: "Tikamugwira tingomuotcha." Ululu wa munthu amene wathyoledwa nyumba ndimaumvetsa. Koma abale anga, takhala tikumenya akuba kwa zaka zambiri, ndipo kuba sikunathe. Wakuba akamanyamuka usiku saganiza za kukula kwa chilango. Amaganiza chimodzi: kodi pali amene andione ndi kundizindikira?

Apa ndiye pali kufooka kwathu mu Mzuzu muno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mumzindawu, ndipo ambiri timakhala m'nyumba za lendi. Wina wachokera ku Karonga, wina ku Nkhata Bay, wina ku Lilongwe. Tagundana makoma koma sitidziwana mayina. Mu 1997 akatswiri anafalitsa kafukufuku wa ku Chicago, m'dziko la America, wosonyeza kuti madera amene anthu amakhulupirirana, nkumadzudzula mwana wa mnansi akamalakwa, amakhala ndi chiwawa chochepa ngakhale umphawi ulipo. Makolo athu anazinena kalekale: mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'tauni tinazisiya. Lero ukadzudzula mwana wa eni, madzulo mayi ake ali pakhomo pako.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi zimene zinachitika ku Monrovia, m'dziko la Liberia. Ofufuza anasonkhanitsa amuna 999, ambiri a iwo akuba, ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ena omenya nawo nkhondo yapachiweniweni. Ena anawapatsa madola 200 okha. Ena anawalowetsa m'maphunziro a masabata 8 osintha kaganizidwe: kuugwira mtima ukapsa, kuyamba waganiza usanachite, kukonzekera za mawa, ngakhale kumeta ndi kuvala bwino kuti udzione ngati munthu wolemekezeka. Ena analandira zonse ziwiri. Ophunzitsawo ambiri anali anthu amene anadutsa m'moyo womwewo. A ndalama zokha anasintha kwa kanthawi kenaka nkubwerera. Koma amene analandira zonse ziwiri, patapita zaka 10, kuba ndi kugulitsa mankhwala kunali kotsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi anzawo amene sanalandire kanthu.

Tangoganizani anyamata amene amagona pa depoti, kapena amene amayamba kachasu ndi chamba dzuwa lisanakwere ku Zolozolo ndi ku Masasa. Timawadziwa. Ena ndi ana a anthu amene timapemphera nawo. Dzina limene tawapatsa ndi "mbava", ndipo munthu ukamuitana choncho tsiku ndi tsiku amafika povomera kuti ndi mmene alili, palibenso chomuchititsa manyazi.

Sindikunena kuti achitetezo a m'madera asiye kulondera. Amagona panja pa chisanu cha mu Juni ife tili m'bulangete, ndipo ndimawalemekeza. Wakuba akagwidwa apite kupolisi. Koma pa ndalama zimene timasonkha khomo ndi khomo zogulira matochi ndi mawenzulo, bwanji osapatulako pang'ono kuti anyamatawa azikumana kangapo pa sabata ndi munthu amene anasiya yekha moyo umenewu? Mipingo ndi mizikiti ili ndi zipinda zongokhala pakati pa sabata. A block leader, a khansala, nkhaniyi muiike pa msonkhano ukubwerawu. Ine ndidzabwera ndi chopereka changa.