Mizukwa ya ku Canterbury ilibe abale

Ndakhala mumzinda wa Canterbury, m'chigawo cha Kent ku England, kwa zaka zinayi tsopano, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Mwezi wathawu anzanga a kuntchito anandikakamiza kuti tipite limodzi ku ulendo wa usiku umene alendo amalipira kuti azungulire misewu yakale uku akumva nkhani za mizukwa. Ndinavomera monyinyirika, pakuti kwathu ku Nsanje munthu wamutu wake satulutsa ndalama m'thumba kuti akakumane ndi mzukwa. Ndinabwerako ndi ganizo limene likukana kundichoka. Mzindawu uli ndi akufa enieni ochuluka, odziwika mayina ndiponso chaka cha imfa yawo, koma amene amagulitsidwa kwa alendo usiku ndi akufa opanda abale, chifukwa ndi okhawo amene munthu angawaseke popanda womudzudzula.

Wotitsogolera anavala chijasi chakuda ndi chipewa chachitali, nyali ili m'manja. Anatiimika pafupi ndi Christ Church Gate, chipata cholowera kubwalo la tchalitchi chachikulu, natsitsa mawu, nayamba kusimba za Nell Cook. Akuti m'masiku a Mfumu Henry VIII mayiyu ankaphikira wansembe wina amene ankakhala pafupi ndi kanjira kamdima kotchedwa Dark Entry. Wansembeyo atabweretsa mtsikana m'nyumba namutchula kuti ndi mdzukulu wa kubanja, Nell anaona kuti chibale chake sichinali cha mtundu umenewo, ndipo chifukwa cha nsanje anawathirira poizoni m'chakudya onse awiri. Chilango chake akuti chinali kukwiriridwa wamoyo pansi pa miyala ya kanjirako, ndipo mpaka lero amatuluka Lachisanu usiku, ndipo womuona satha chaka. Anthu anakuwa, ena anaseka, mtsikana wina anakanirira pamkono wa bwenzi lake, ndipo mafoni anali m'mwamba kujambula mdima. Chimene wotitsogolerayo sanatiuze n'chakuti nkhaniyi inatchuka kudzera mwa Richard Barham, m'busa wobadwira mumzinda womwewu mu 1788, amene ankalemba ndakatulo zoseketsa zokhudza mizukwa ndi zochitika zakale. Nell ndi wa m'nthano. Alibe mdzukulu woti angaimirire pagulupo n'kunena kuti agogo ake akunamiziridwa.

Kuseri kwa chipata chomwecho kuli malo amene munthu weniweni anafera. Pa 29 December 1170 asilikali anayi a Mfumu Henry II, omwe ndi Reginald FitzUrse, Hugh de Morville, William de Tracy ndi Richard le Breton, analowa m'tchalitchimo ndi malupanga napha bishopu wamkulu Thomas Becket, amene anali atakangana ndi mfumu kwa zaka zingapo pa nkhani ya yemwe ali ndi mphamvu zoweruza ansembe olakwa. Anamutema pamutu mpaka chigaza chinatseguka, ndipo lupanga limodzi linathyokera pamwala. Zimene zinatsatira ndizo zimandichititsa chidwi kuposa imfayo. Magazi ake anawoleredwa nasungidwa, ndipo odwala ankamwa madzi osakaniza ndi kadontho ka magaziwo, ena n'kumatengera kwawo m'timabotolo ta mtovu tokoloweka m'khosi. Mu 1173 Papa Alexander III analengeza kuti Becket ndi woyera. Chaka chotsatira mfumu yomweyo inalowa mumzinda popanda nsapato, inagwada pamanda, inalola amonke kuikwapula, ndipo inachezera pomwepo usiku wonse. Kwa zaka zoposa 350 anthu ankabwera kuchokera m'mayiko akutali kudzapempha machiritso pamandapo, ndipo masitepe a miyala okwerera kumeneko anaperepeseka pakati moti ukamakwera lero phazi limachita kulowa.

Mwana wa m'chigwa cha Shire akamva zimenezi safunika womumasulira. Ife tinakula tikumva za Mbona, amene mbiri ya pakamwa imati anaphedwa ndi adani ake nadulidwa mutu, ndipo pambuyo pake anamumangira kachisi ku Khulubvi kumene anthu akhala akupita kukapempha mvula. Munthu waphedwa mosalungama, amphamvu achita mantha, apepesa, ndipo pamene panagwera magazi pasanduka malo opatulika. Sindikunena kuti awiriwa ndi amodzi, ndipo ine mwini ndine wopemphera amene ndimakhala m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Ndikungoti m'tchalitchi chachikulu cha Canterbury chija ndi mmene mu October 1860 munachitikira mapemphero otsanzikana ndi Charles Mackenzie ndi amishoni anzake a Universities' Mission to Central Africa, amene anafika ku Magomero mu 1861. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, ndipo manda ake ali kufupi ndi kumene Ruo amathira mu Shire, kwathu komwe. Amishoni ambiri amene anabwera pambuyo pake anaphunzitsa makolo athu kuti kuthira nsembe ndi kupepesa mizimu n'chikunja. Ndikaima pamasitepe operepeseka aja ndimadzifunsa ngati ankadziwa bwino mbiri ya nyumba imene anachokeramo.

Mwina ankaidziwa, chifukwa Angerezi anathetsa okha mwambowo, ndipo anauthetsa mwankhanza. Mu 1538 Henry VIII, atapatukana ndi Roma, analamula kuti kachisi wa Becket agwetsedwe, golide ndi miyala yamtengo wapatali zinatengedwa kupita kwa mfumu, ndipo mafupa sanaonekenso poyera. Lero pamene panali kachisiyo pamangoyaka kandulo imodzi pansi. Koma m'chaka chomwecho cha 1538 nduna ya mfumu, Thomas Cromwell, inalamula kuti parishi iliyonse izilemba m'kaundula ubatizo, ukwati ndi maliro onse. Ndimaona ngati apa ndi pamene akufa a dziko lino anasamukira, kuchoka m'mafupa kulowa m'mabuku. Mu 1837 boma linayamba kulemba lokha za obadwa, okwatirana ndi omwalira, ndipo kalembera wa 1841 anayamba kusunga mayina a anthu a m'nyumba iliyonse. Zolembedwa za kalembera zimatsekeredwa zaka 100, n'chifukwa chake za 1921 zinatsegulidwa mu 2022, ndipo okalamba ambiri amene ndimawasamalira anazidikira ngati kalata yochokera kwa mayi awo. Za 1931 zinapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 kunalibe kalembera chifukwa cha nkhondo.

Mmodzi wa okalambawo ndi mayi wa zaka zoposa 80 amene ndimapita kwawo m'mawa uliwonse. Miyendo inawakana, koma patebulo la m'chipinda chodyera pamakhala chipepala chachikulu cha mzere wa makolo awo, chopsinjidwa ndi botolo la shuga mbali ina ndi bokosi la mankhwala mbali inayo. Amachita kugwiritsa galasi lokuzira zilembo, pensulo ili pakamwa, ndipo salola kuti ndipukute tebulolo. Anafufuza mpaka anapeza kuti kuchimuna kwawo anachokera mwa owomba nsalu olankhula Chifalansa amene anathawira mumzinda uno chifukwa cha chizunzo cha chipembedzo. Oyamba anali a Walloon m'zaka za m'ma 1570, ndipo a Huguenot anachuluka pambuyo pa 1685 pamene mfumu ya France inachotsa ufulu wa Apulotesitanti. Anapatsidwa malo opempherera m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chachikulu, ndipo mpaka pano mapemphero a Chifalansa amachitika mmenemo Lamulungu masana. Mayiwa anandionetsa mmene dzina la banja lawo linasinthira kalembedwe katatu m'makaundula, pakuti mlembi aliyense ankalemba monga khutu lake lamvera, mpaka Chifalansa chonse chinasuluka. Ndinakumbukira agogo anga aamuna amene anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela nabwerako ndi chiphaso cholembedwa dzina limene kumudzi palibe analidziwa.

Tsiku lina ndinawapeza akulira mwakachetechete, chala chili pamzere umodzi. Anali atapeza kuti mayi wina wa m'banja lawo anaika ana atatu m'manda m'chaka chimodzi. Mayiyo anamwalira zaka mazana awiri iwo asanabadwe, sanaonepo chithunzi chake, sadziwa ngakhale pamene pali manda ake, koma anamulira ngati mchemwali. Ndinawafunsa ngati amakhulupirira kuti akufa amationa. Anandiyankha kuti ayi, zimenezo ndi zamkutu, kenako anasisita pepalalo n'kulankhula nalo pang'onopang'ono. Ine sindinawatsutse. Azakhali anga akamatchula mayina a makolo potsira ufa patsinde pa mtengo, nkhope yawo imakhala yomweyo.

Apa ndi pamene dandaulo langa lagona. Kum'mwera kwa mzindawu, ku Wincheap, pakati pa nyumba wamba za njerwa, pali chipilala cholembedwa mayina a amuna ndi akazi oposa 40 amene anawotchedwa amoyo pakati pa 1555 ndi 1558, mu ulamuliro wa Mfumukazi Mary, chifukwa chokana kubwerera ku chiphunzitso cha Roma. Mmodzi wa iwo ndi Alice Benden wa ku Staplehurst, amene anamuneneza ndi mwamuna wake yemwe chifukwa chokana kupita ku misa, ndipo anatsekeredwa milungu yambiri m'kandende ka pansi asanawotchedwe mu 1557. Omaliza anaphedwa mu November 1558, patangotsala masiku ochepa kuti mfumukaziyo imwalire. Akatolika nawonso ali ndi awo: John Stone, wansembe wa chipani cha Augustine, anaphedwa mumzinda uno mu 1539 chifukwa chokana kuvomereza kuti mfumu ndiye mutu wa mpingo, ndipo mutu wa Thomas More, nduna yakale ya Henry VIII, umene unadulidwa ku London mu 1535, umanenedwa kuti uli m'manda a banja la Roper m'tchalitchi cha St Dunstan. Ngati pali anthu amene ali ndi chifukwa choyendayenda usiku, ndi amenewa. Koma paulendo wathu uja sitinapite ku Wincheap. N'kutali pang'ono, kulibe nyumba zokongola zopendekeka, ndipo nkhani ya mayi wowotchedwa chifukwa cha lilime la mwamuna wake siyenda bwino ndi mowa umene gulu limakamwa pomaliza.

Mnzanga wina wa ku Zambia, amene tinali naye usikuwo, akuti ndikukuza nkhani yaing'ono. Akuti nthano ndi nthano, ndipo ifenso tinkakhala pamoto agogo akutiopseza ndi zilombo zimene iwo eni ankadziwa kuti kulibe. Ndikuvomereza, ndipo sindikufuna kuti munthu wa chijasi uja alandidwe nsima pakamwa, pakuti mzinda uno umadya za alendo kuyambira masiku a Becket, ndipo ogulitsa timabotolo ta madzi aja nawonso sanali angelo. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankayamba ndi "padangotelo" ife n'kuyankha "tili tonse", ndipo aliyense ankadziwa kuti talowa m'nyumba ya nthano. Akafuna kutiuza za amene anafa pa njala ya 1949, ankasintha mawu, ankatchula mayina, ndipo palibe ankaseka. Wotitsogolera uja anasakaniza zonse m'mphika umodzi, Becket ndi Nell, chaka chenicheni ndi chaka chopeka, ndi liwu limodzimodzi lonjenjemera, moti mlendo wochokera kutali anabwerera kwawo akuganiza kuti zonse ndi zoona kapena kuti zonse ndi zabodza. Mzinda umene uli ndi tchalitchi cha St Martin, mmene Mfumukazi Bertha ya ku Kent inkapempherera mmishoni Augustine asanafike kuchokera ku Roma mu 597, suyenera kubwereka mbiri kwa wandakatulo popanda kunena kuti yabwerekedwa.

Lachiwiri lapitali mayi aja anatembenuza chipepala chawo, nandipatsa pensulo, nati ndilembe kumbuyo kwake mzere wa kwathu. Ndinayamba ndi mayi anga, pakuti ife timawerengera kuchikazi, zimene zinawadabwitsa kwambiri. Ndinalemba agogo, ndinalemba mayi a agogo, ndipo pachinayi pensulo inaima. Ndinkadziwa mfunda wawo, ndinkadziwa kuti anawoloka Shire pa bwato ali ndi mwana kumbuyo pothawa ntchito ya chibalo ya Apwitikizi, ndinkadziwa ngakhale kuti anali amanzere, koma dzina lenileni sindinalimvepo, chifukwa kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina ndi ana. Mayiwo anali ndi mayina a mibadwo khumi popanda kudziwa mmene ngakhale mmodzi ankasekera, ndipo ine ndinali ndi dzanja lamanzere ndi bwato popanda dzina.

Madzulo ake ndinaimbira amalume pa WhatsApp. Kuno inali 8 koloko, kwathu inali 10, ndipo ndinamva achule kumbuyo kwawo. Nditawalonjera ndi kufunsa za madzi a chaka chino, ndinati, "Amalume, kodi mayi awo a agogo aakulu aja dzina lawo anali ndani?" Anakhala chete kwa kanthawi mpaka ndinaganiza kuti netiweki yadula. Kenako anati, "Mphwanga, dzinalo ndikulidziwa, koma si lotchula pa foni usiku ngati uno. Ukadzabwera pa Khirisimasi udzagule ufa wa mapira, tidzapite tonse kumsitu, ndipo ndidzakuuzira komweko iwo akumva."